Tambala wa Kushikola

Joana, Domingo ndi iwe Selina, za ubwana wanga sindilemba. Ndinkaweta ng'ombe za agogo anga ku Tsangano, nkhondo inabwera, ng'ombe zinatha, tinathawira ku Malawi. Zimenezo aliyense wa msinkhu wanga angakuuzeni. Chimene mwakhala mukundifunsa n'china: n'chifukwa chiyani munakulira ku Chidzolomondo pomwe nyumba yathu ya njerwa inali ku Ntengo-Wambalame? Ndakhala ndikukuyankhani kuti boma limatumiza munthu kumene lifuna. Yankho lonse ndi ili.

Ku Malawi, nthawi ya nkhondo

Ntchito yanga yoyamba inali ya nyuzi. Kumalo a othawa nkhondo kumene tinkakhala, cha ku Ntcheu, kunali kanyuzipepala kosindikiza pa makina opukusa ndi dzanja. Mkonzi wake anali a Mateyu, mkulu wa imvi amene kale ankagwira ntchito yosindikiza ku Beira. Nkhani yanga yoyamba ndinaiyamba motere: "Njala yalusa ngati mkango, anthu akugwa ngati ntchentche." A Mateyu anaiwerenga, natenga pensulo yofiira.

"Mkangowo wauona kuti, mnyamata iwe? Lemba kuti ufa sunabwere, kuyambira liti, ndipo wosunga nkhokwe akuti chiyani. Zilombo uzisiye kutchire."

Lamulo lawo lachiwiri ndinaliona ndi maso. Titalemba za nyemba zimene zinkatuluka m'nkhokwe kudzera kuseri, kunabwera bwana wina kudzafunsa amene anatiuza. A Mateyu anamupatsa mpando, anamupatsa tiyi, dzina sanamupatse. Atachoka anandiuza kuti: "Munthu akakunong'oneza nkhani, dzina lake umapita nalo kumanda." Ndinali ndi zaka zochepa, ndinkaganiza kuti lamulo limeneli n'losavuta.

Ntengo-Wambalame, mtendere utabwera

Tinabwerera kwathu mu 1993, ine ndi mayi anu, katundu yense pa njinga. Aphunzitsi anali osowa, ndipo aliyense wodziwa kulemba Chipwitikizi chomveka ankagwidwa pamkono. Anatiphunzitsa mwachidule, nanditumiza kukaphunzitsa kushikola ina ya dera limenelo, imene dzina lake sindilemba. Ndinali wa kontaratu. Chaka ndi chaka ntchito yanga inkapachikika pa cholembera cha direktola, mkulu wa shikola. Mazenera analibe magalasi, ndipo amene akudziwa mphepo ya ku Tsangano mu Juni adziwa chimene ndikunena. Jizi, ndiye choko, wolembera pa kwadulo, bolodi la m'kalasi, akatha tinkagula makaka kumsika n'kumalembera. Ndinayamba ndi ana ang'onoang'ono. Patapita zaka, makalasi apamwamba atatsegulidwa, anandipatsa Chipwitikizi cha nona kalasi, ya chisanu ndi chinayi. M'zaka zimenezo tinaumba njerwa, tinamanga nyumba, Joana anabadwa.

Mutu umene ana ankauopa kwambiri unali wa figuras de estilo, zokometsera chilankhulo: comparação, metáfora, personificação, hipérbole, eufemismo, ironia. Kunena zoona, zinali zilombo zomwe zija a Mateyu anandiletsa, tsopano boma linkandilipira kuti ndiziphunzitse. Njira imene ndinaipeza inali yoti mphunzitsi alembe tanthauzo, ana aloweze, aimbe onse pamodzi. Ankaimba bwino kwambiri. Ukafunsa chitsanzo, chete. Buku linali limodzi, langa, ndipo zitsanzo zake zinali za nyanja yamchere ndi sitima za pamadzi, kwa ana obadwira m'mapiri a mbatata.

M'mawa wina wozizira mnyamata wina analowa mochedwa atagwira makutu. "Pepani a Pulofesola, mphepo inanditchingira panjira. Yandimenya makofi kuchokera kudambo mpaka pano."

"Mphepo ili ndi manja?"

"Iyayi."

"Ndiye wanama."

"Sindinaname, a Pulofesola, onani makutuwa."

Ndinalemba mawu ake pa kwadulo, pansi pake n'kulemba personificação, kupatsa chinthu zochita za munthu. Ndinamuuza kuti wangochita pakhomo chinthu chimene wakhala akulephera pa pulova, ndiye mayeso, chaka chonse. Kuyambira tsiku limenelo ndinatseka buku. Ndinawatuma kuti zitsanzo akazitenge kwawo. Ana a mabanja osunga ng'ombe anabwera ndi mawu otamira ng'ombe zawo: wina anati nyanga za nkhunzi ya bambo ake zimakanda mitambo, ndipo tinalemba hipérbole, kukokomeza. Ena anamvetsera pamaliro, kumene munthu samwalira koma amatsogola kapena kugona, tinalemba eufemismo, kufewetsa mawu owawa. Wakuda ngati mphika, imeneyo comparação. Ukachotsa "ngati" n'kumutcha munthuyo mphika, metáfora. Chaka chimenecho ana a kalasi yanga anasiya kuopa mutuwo. Atsikana ndiwo anabwera ndi chuma chenicheni: nyimbo za pamtondo.

Inu munakula chigayo chili pafupi, choncho ndifotokoze. Amayi akamakonola chimanga, awiri kapena atatu pa mtondo umodzi, amaimba motsatira minsi. Zimene sangazinene pamaso pa mwamuna, apongozi kapena mkazi mnzawo amaziika m'nyimbo. Woimbidwayo amamva ali pakhonde, amadziwa kuti ndi iyeyo, koma sangapite nazo kubwalo. Mwamuna wokwiyira nyimbo ya pamtondo amasekedwa ndi mudzi wonse. Lamulo limeneli silinalembedwe paliponse, koma ndinali ndisanaone wolithyola.

Chaka cha mbatata

Direktola wathu anali munthu wophunzira bwino, waukhondo, wosamwa mowa, wolankhula motsitsa. Shikola inali ndi munda wa mbatata ya kachewere umene pamapepala unkatchedwa produção escolar, ulimi wothandiza shikola. Ana ankalima Loweruka. Kenako anawonjezera Lachisanu masana. Nthawi yokumba, makalasi ankatsekedwa. Mbatata inkakwera lole ya mlamu wake wa direktola. Zaka zonse zimene ndinakhala pamenepo sindinaone galasi limodzi la pazenera logulidwa ndi mbatata imeneyo. Aphunzitsi tonse tinkadziwa, ndipo pafupifupi tonse tinali a kontaratu.

M'kalasi mwanga munali mtsikana dzina lake Rosalina, mwana wa mayi wamasiye. Anali woyamba pa Chipwitikizi ndi pa masamu. Malume ake anali atalankhulana kale ndi mlimi wina wa fodya wa ku Macanga amene ankamufuna ukwati. Mayi ake anapempha kuti adikire mwanayo amalize desima kalasi, ya khumi. Malumewo anavomera, koma anati akangolephera kapena kuchotsedwa, nkhani ya shikola yatha. Zimenezi ankazidziwa aliyense.

Rosalina anandipeza ndekha pa nthawi yopuma. Nyimbo yake sanailembe, anandiuza pakamwa, motsitsa, akuyang'ana pansi:

Ndinabala mwana, ndinati ndabala nyali,
lero wasanduka khasu la eni.
Ndinamtuma kukatenga nzeru, amayi,
wabwera ndi matuza m'manja.
Tambala wa kushikola ngwachifundo,
aphunzitsa anapiye kufukula, iye n'kumadya.

Ndinailemba pa kwadulo ndi dzanja langa, popanda dzina la munthu. Pa moyo wanga wonse wa uphunzitsi, phunziro limenelo ndilo linayenda bwino koposa. Metáfora anazipeza okha: nyali, khasu, tambala, anapiye. Nditafunsa ngati tambalayo ngwachifundodi, kalasi yonse inayankha pamodzi kuti ironia, kunena ichi ukutanthauza chosemphana nacho. Kenako ndinafunsa kuti akunena kuti "ndinabala" ndani, popeza wolemba pa kwadulo ndine. Anaseka mpaka ena kugwa pa mabenchi. Pamenepo ndinawaphunzitsa sujeito poético, mawu amene akulankhula m'kati mwa ndakatulo, osiyana ndi autor, munthu amene anaipeka.

Loweruka lotsatira ana anaimba nyimboyo kumunda, makasu akutsatira. Pakutha pa mzere uliwonse wina ankafuula kuti "metáfora", ena n'kuyankha kuti "ironia". Direktola anali ataima m'mbali mwa munda ndi ambulera yake.

Lolemba anandiitana.

"Khalani pansi, kolega. Ndamva kuti mukuphunzitsa bwino."

"Ndikuyesetsa, a Direktola."

"Tambala uja ndine. Musavutike kundiuza kuti ndi mbalame chabe. Metáfora ndinaiphunzira inu mukupukusa makina ku Malawi. Ndikufuna autor."

"Nyimbo za pamtondo zilibe autor, a Direktola."

"Wina anainyamula kumudzi kudzafika nayo m'kalasi. Ali ndi miyendo, ali ndi dzina."

"Anailemba pa kwadulo ndine."

"Inu ndinu sujeito poético, kolega, mawu chabe. Ndikufuna mwini mawu."

Ndinamukumbutsa kuti kwathu kuno nyimbo ya pamtondo saimbira mlandu. Anagwedeza mutu ngati munthu wovomera. "Pamtondo, inde. Ndikamadutsa pamtondo ndimatseka makutu, ndipo ndakhala ndikutseka. Koma ino ndi shikola ya boma, ndipo kwadulo si mtondo." Kenako anaika dzanja pa mapepala anga oti ndilembedwe ntchito yokhazikika, amene anali atakhala pa tebulo lake nthawi yaitali. Anati akuluakulu a maphunziro a ku Tete akhala akupempha aphunzitsi a ana oyamba kumene ku Macanga. "Kumeneko kulibe metáfora, kuli a, e, i, o, u. Mundiyankhe Lachisanu."

"Nanga mwanayo mukamudziwa mumuchita chiyani?"

"Akapumula kunyumba."

Eufemismo, ndinatero mumtima.

Masana ndinapeza mayi anu akusankha nyemba pakhonde. Anali oyembekezera, mimba ya iwe Domingo. Ndinawafotokozera zonse, mpaka nyimbo yomwe. Sanadzutse mutu.

"Mzere wa matuzawo ndinaika ndine," anatero. "Wa nyali ndi wa mayi a Rosalina. Wa tambala ndi wa anaNgozo a kuseri kwa tchalitchi."

"Ndiye autor amene akumufunayo amandiphikira."

"Sekani. Taimba nyimbo imeneyo chilimwe chonse, iye akudutsa pa njinga yamoto, akumva. Ananena kanthu? Pamtondo inali mumpanda. Inu ndi jizi wanuyo mwaitulutsa panja."

"Ine ndimaphunzitsa ana, mayi a Joana."

"Mwawaphunzitsa. Tsono nyumbayi tiisenza pamutu mpaka ku Macanga?"

"Mukufuna ndikamutchule mwanayo?"

Anasankha nyemba kwa kanthawi, kutaya zofumbwa kwa nkhuku. "Mukakamutchula, musadzadyenso m'mbale yanga. Mukapanda kumutchula, musayembekeze kuti ndidzakuthokozani."

Za jizi zija mayi anu sanasinthe maganizo mpaka imfa, ndipo ine sindinavomereze mpaka lero. Wakuba mbatata sanali ine. Ndikulemba mbali zonse ziwiri chifukwa ndi mmene ndinaphunzitsidwira.

Sabata imeneyo wachiwiri kwa direktola, amene tinkamutcha pedagojiko, ankakhala kumbuyo kwa kalasi yanga tsiku lililonse, ati kudzaona kaphunzitsidwe. Sankayang'ana kwadulo, ankayang'ana maso anga. Choncho Rosalina sindinamuyang'ane ngakhale kamodzi. Akakweza dzanja ndinkaloza wina. Panjira ndinkamudutsa ngati mtengo. Lachisanu ndinalowa mu ofesi n'kunena kuti dzina ndilibe loti ndipereke. Direktola anatsegula kabati, naikamo mapepala anga, natseka. Sanakweze mawu. Anandifunira ulendo wabwino.

Chidzolomondo

Tinanyamuka chaka cha shikola chisanathe. Kumene ananditumiza, ku Chidzolomondo m'boma la Macanga, kunali kalasi ya udzu pakati pa minda ya chimanga ndi fodya. Nthawi yothyola ndi yosoka fodya ana ankatha m'kalasi, ndinkatsala ndi ochepa osatha kunyamula kanthu. Msika unali kutali, woyenda kuchokera m'mamawa. Domingo, unabadwira m'nyumba ya matope yodontha, ndipo utadwala malungo mayi ako anakubereka kuyenda pansi mpaka pamsewu, kukadikira shapa, minibasi yopita kuchipatala ku Furancungo, imene tsiku limenelo sinabwere. Nyumba yathu ya ku Ntengo-Wambalame tinasiyira wachibale. Malata ake anazulidwa limodzi limodzi, kenako mvula inamaliza zotsala. Ine ndinalumbira kuti kumeneko sindidzapondako, ndipo sindinapondeko. Kumaliro a kwawo mayi anu ankapita okha. Mapepala anga a ntchito yokhazikika anatuluka tsitsi langa litayera kale, n'chifukwa chake penshoni yanga ndi imene mukuidziwayo.

Direktola uja anakwezedwa, anapita ku maofesi a boma. Mnzanga wina amene analipo pa mwambo womutsanzika anandiuza kuti anamutcha tate wa ana a Tsangano, mtengo wa mthunzi, nyali ya maphunziro. Ndikanakhalapo ndikanalemba dzina la chilichonse pansi pake.

Zaka zonsezo ndinaphunzitsa a, e, i, o, u, monga direktola anandilonjezera. Sindikunyoza ntchitoyo, ana ambiri a kumeneko amalemba mayina awo chifukwa cha ine. Koma mawu aja, metáfora ndi anzake, sindinawatchulenso m'kalasi. Chimene chinkandiimika chinali chimodzi. Ndinkaganiza za Rosalina, kuti pofika pano ndi namwino ku Ulongwe, kapena mphunzitsi ku Tete. Denga likadontha ndinkawauza mayi anu kuti tavutika, koma pali mwana mmodzi amene sanakwatiwe ndi mlimi wa fodya chifukwa cha ife. Iwo ankayankha kuti "Inde, bambo a Joana," n'kusuntha beseni pamene pakudontha. Ndinkaona ngati ndi kuthokoza kumene anati sadzandipatsa kuja.

Furancungo, nditapuma ntchito

Mayi anu atamwalira, chaka chotsatira ndinapita ku Furancungo, likulu la boma la Macanga, kukasainitsa mapepala a penshoni. Bwana wofunikayo anali atatuluka, anandiuza kuti ndibwere masana. Ndinalowa mumsika kuti nthawi ipite. Pa mzere wa nyemba ndi mbatata mayi wina wojintcha, mwana kumbuyo, anaimirira n'kupukuta manja pachitenje.

"A Pulofesola."

Ndinamuzindikira ndi mmene ankayang'anira pansi: Rosalina. Ndinamufunsa ngati akugulitsira mnzake. Anaseka. Anati malowo ndi ake, mwanayo ndi mdzukulu, amuna ake amalima fodya kuseri kwa phiri. Anandipatsa chitini chokhalapo.

"Unalephera desima, iwe?"

"Sindinafikeko, a Pulofesola. Ndinachoka chaka chomwecho."

"Anakutchula ndani?"

"Ndinadzitchula ndekha." Anayamba kusanja mbatata imene inali yosanjika kale. "Sabata ija simunandiyang'ane ngakhale kamodzi. Ndinati mwandikwiyira, ndakuonongerani ntchito. Mutachoka, tulo sindinkationa. Ndinapita ku ofesi kukanena kuti nyimbo ija ndinabwera nayo ndine, a Pulofesola alibe mlandu, muwabweze."

"Anati chiyani?"

"Anati, wachita bwino mwana wanga kunena zoona, tenga makope ako ukapumule. Nditafunsa za inu anati zimenezo zili m'manja mwa a ku Tete. Mvula isanagwe malume anali atandiperekeza kuno."

Ndinawerengera mumtima. Pamene ndinkamanga udzu pa kalasi yanga yoyamba ku Chidzolomondo, iye anali kale m'boma lomwelo, akusoka fodya. Zaka zonsezo tinkagwira shapa pa msewu umodzi.

"Ndinkayesa mukudziwa," anatero. "Mayi a Joana ankadziwa. Tinakumana kuchipatala kuno, iwo ali ndi mwana wamwamuna wodwala, ine ndili ndi mimba yoyamba. Ndinati ndibwere ndidzakupepeseni. Anandikaniza."

"Anati chiyani?"

"Anati, asiye aphunzitsi ako, atsala ndi kanthu kamodzi kokha, usakawalande."

Panabwera munthu wofuna nyemba. Rosalina anamuyezera, namuikira za pamwamba, munthuyo anapita. Ine ndinali ndikuona beseni lija likusunthidwa pansi pa denga.

"A Pulofesola, ndifunse nawo. Inu munakhala chete kuti ine nditsale. Ine ndinalankhula kuti inu mubwerere. Tonse tinachoka, tambala anatsala. Zimenezi si zija munkati ironia?"

Mphunzitsi safa msanga. Ndinamuuza kuti ironia ilipo ya mitundu iwiri, ya m'mawu ndi ya m'zochitika, ndipo imene wanenayo ndi yachiwiri, imene ndinali ndisanawaphunzitse. Akanaipeza mu desima kalasi.

"Ndiye ndakhoza?"

"Wakhoza."

Anati mwana wake wamkazi womaliza ali mu nona kalasi, ndipo madzulo amakhala pakhonde kuloweza mawu omwe aja, kuimba ngati pemphero, osadziwa kuti akunena chiyani. Ndinamufunsa chifukwa chake samuthandiza, popeza nyimbo amazidziwa. Anamangitsa mdzukulu kumbuyo, nandiyang'ana m'maso koyamba.

"Mwana wanga ameneyo ndikufuna amalize shikola," anatero. "Ndipo masiku ano timapita kuchigayo, a Pulofesola. Phokoso lake, ngakhale uimbe, palibe womva."

Anandiikira mbatata m'thumba, ndinakana, anaumirira. Ndinainyamula mpaka ku ofesi ija. Bwanayo anali asanabwere, anati ndiyesenso mawa.